Kuchepetsa masamba a mchezo: njira iti ingamuyenere munthu wa kuno ku Mulanje ndi Thyolo?

Aliyense amene amakwera minibasi ya madzulo kuchokera ku Limbe kupita ku Muloza kudzera ku Thyolo waona mmene maulendo asinthira. Kale galimoto isanafike n'komwe pa Bvumbwe anthu amakhala atayamba kale kutsutsana za mtengo wa feteleza, za mpira kapena za mvula imene yachedwa kugwa, koma masiku ano okwera ambiri amakhala ataweramira mafoni awo, chala chikukankha kanema wina kuti abwere wina, moti ena amadzidzimuka kondakitala atawagwedeza kuti afika pa Luchenza. Inenso ndinakhala zaka zingapo m'gulu la oweramawo, ndipo amene anandiwongola ndi mayi anga.

Anabwera kwathu kuno pafupi ndi Chitakale, kumene ndimaphunzitsa, kudzandiuza za mkangano wa malire a kamunda kathu ka tiyi. Anakhala pamkeka pakhonde, ndipo ali mkati mofotokoza foni inalira, ine n'kuisuzumira, kenaka n'kupitiriza kuyang'ana zinthu zimene sizinkandikhudza n'komwe. Iwo anasiya kulankhula, anakonza mpango wawo kumutu, ndipo mofatsa anati, "Mwana wanga, ukamaliza kucheza ndi anzako a m'fonimo undiuze, ine ndidikira." Kuyambira tsiku limenelo ndayesa njira zingapo zochepetsera chizolowezi chimenechi, zina ndaziona kwa aphunzitsi anzanga ndi kwa ophunzira, ndipo ndaona kuti munthu asanasankhe njira ayenera kuyamba walekanitsa zinthu ziwiri zimene timazitchula ndi dzina limodzi.

Timati masamba a mchezo tikamanena WhatsApp, Facebook ndi TikTok, ngati kuti n'zofanana, chikhalirecho magwiridwe ake a ntchito ndi osiyana kwambiri. WhatsApp, imene kampani ya Facebook inagula mu 2014, kwenikweni ndi mthenga: uthenga ukabwera umawerenga, umayankha, nkhani yatha. Facebook, Instagram ndi TikTok zimapeza ndalama zochuluka potsatsa malonda, choncho phindu lawo limakula munthu akakhalitsapo, ndipo n'chifukwa chake masamba ake alibe pothera. Ukakankha chimodzi pansi pamatuluka china, pansi pa chimenechonso pali chinzake. TikTok, ya kampani ya ku China yotchedwa ByteDance, imasunga kanema amene waonera mpaka kumapeto, amene wabwereza ndi amene walumpha, n'kumakubweretsera ofanana ndi amene anakugwira mtima. Munthu amene foni ikumukanika kuika pansi asadziyese wofooka kuposa anzake, chifukwa akulimbana ndi chinthu chimene akatswiri anachikonza dala kuti chizimusunga. Njira yabwino, choncho, ndi imene imasunga mthenga uja n'kutseka chitsime chosaphwa cha masamba opanda potherawo, ndipo njira iliyonse ndiiyeza ndi muyeso umenewo.

Njira imene munthu amaiganizira msanga akakhumudwa ndiyo kufufuta zonse. Pa Facebook pali kusiyana kumene ambiri sakudziwa: munthu akhoza kuimitsa kaye akaunti yake, zithunzi ndi zolemba zake n'kubisika koma osatayika, kapena akhoza kupempha kuti ifufutidwiretu, ndipo akatero amapatsidwa masiku 30 oti abweze maganizo, masikuwo akadutsa zonse zapita. Ndimalangiza kuyamba ndi kuimitsa, chifukwa ambiri a ife zithunzi za maukwati, za ana ali makanda ndi za abale amene anatisiya zinatsala pamenepo pokha, mafoni amene anazijambula anawonongeka kalekale. Phindu la kusiyiratu linayesedwapo. Mu 2018 akatswiri a zachuma a m'mayunivesite a Stanford ndi New York ku America analipira anthu kuti asiye Facebook kwa masabata anayi, ndipo anapeza kuti anthuwo ankatsala ndi pafupifupi ola lathunthu pa tsiku, ankacheza kwambiri ndi abale ndi anzawo, mitima yawo inakhala m'malo pang'ono kuposa kale, koma anatsalira pa kudziwa zochitika m'dziko.

Kutsalira kotero kuno kwathu si nkhani yamasewera. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakokolola milatho ndi kugumula miyala ndi matope m'mapiri ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Blantyre, mabanja ambiri anamva za abale awo, za misewu yoduka ndi za misasa imene anthu anathawirako kudzera m'magulu a WhatsApp, pamene netiweki ndi moto wa m'foni zinalola. Ngakhale m'masiku abata, uthenga wa maliro, ndondomeko ya mapemphero a m'milaga ndi m'miphakati, tsiku logawana ndalama ku banki mkhonde, chidziwitso cha kusukulu ya mwana ndi mawu a m'bale amene ali ku Johannesburg zimadzera njira yomweyo. Kufufuta TikTok kapena Instagram sikutayitsa munthu wamba kanthu kenikeni, kuimitsa Facebook n'kotheka kwa ambiri amene sagulitsirapo malonda, koma kufufuta WhatsApp kumafanana ndi kusamuka pamudzi osatsanzika, ndipo amene ndinawaona akuyesa anabwerera mwezi usanathe.

Foni ya mabatani ndiyo njira imene ndinakhala nayo nthawi yaitali, ndipo ndimaipatsa ulemu. Batire lake limakhala masiku angapo osatchaja, zimene munthu wolipira potchajitsa pa golosale kapena wodalira kasola kakang'ono amadziwa kufunika kwake, makamaka nyengo ya chiperoni pamene dzuwa limasowa masiku otsatizana. Airtel Money ndi Mpamba zimagwira bwino lomwe pa foni yotere, chifukwa zimangofuna timanambala tija toyamba ndi nyenyezi, ndipo mafoni otere ambiri ali ndi wailesi ndi tochi. Ikagwa m'munda wa tiyi kapena ikanyowa ndi mame mtima sugunda ngati mmene umachitira ndi foni yodula. Koposa zonse, mulibe choti ukankhe. Sabata yoyamba dzanja linkangopita lokha m'thumba ndikaima pa mzere kuchigayo kapena ndikamadikira belu lolowera m'kalasi, koma linkapeza kuti palibe choona, ndipo pang'ono ndi pang'ono linasiya. Ndi m'miyezi imeneyo mmene ndinayambiranso kumaliza kuchonga makope tsiku lomwelo.

Komabe zovuta zake nazonso ndi zenizeni. Kuimba foni kumadya mayunitsi ambiri kuposa kutumiza mawu ojambula pa WhatsApp, ndipo kuimbira m'bale ali kunja kwa dziko ndiye sikunenedwa n'komwe. Mayi wopikula chinanazi ku Mulanje kapena nthochi ku Thyolo, amene wogula wa ku Blantyre amafuna kuona chithunzi cha katundu asanatumize ndalama, akhoza kutaya msika. Ine ndinaphonyapo msonkhano wofunika wa kuntchito chifukwa kusintha kwa tsiku kunalengezedwa m'gulu la WhatsApp lokha, ndipo ndinafika pamalopo nditayenda ulendo wa kabaza n'kupeza chitseko chokhoma. Pofuna kupewa zotere ena amasunga mafoni awiri, ya mabatani m'thumba, yamakono m'kabati kunyumba yotsegula kamodzi madzulo. Izi zimatheka chifukwa WhatsApp ikalembetsedwa pa nambala imapitiriza kugwira ntchito ngakhale simukhadi ya nambalayo itaikidwa mu foni ina, bola foni yamakonoyo ikhale ndi simukhadi yachiwiri yogulira intaneti. Njira ya mafoni awiriyi ndi yamphamvu kwambiri pa zonse zimene ndayesa, koma imafuna ndalama yoyambira, ndiponso imafuna kuti kabatiyo itsekedwe ndithu.

Mawotchi oyezera nthawi amene ali m'mafoni momwemo ndi aulere, ndipo ndiwo amatchuka kwambiri m'malangizo ochokera kunja. Mafoni ambiri a Android ali ndi gawo lotchedwa Digital Wellbeing, a iPhone ali ndi Screen Time, zonse ziwiri zinayamba mu 2018, ndipo zimalola munthu kuika malire a mphindi pa pulogalamu iliyonse. Chaka chomwecho ofufuza a pa University of Pennsylvania anatsatira ophunzira 143, ena mwa iwo n'kuwauza kuti asapitirire mphindi 10 pa tsiku pa Facebook, Instagram ndi Snapchat, iliyonse payokha, kwa masabata atatu, ndipo amene anachepetsawo kusungulumwa ndi kukhumudwa kunawachepera. Komabe tizikumbukira kuti ophunzirawo ankadziwa kuti akuyang'aniridwa. Munthu uli wekha kuchipinda usiku, malire amene unaika wekha umawachotsanso wekha ndi chala chomwecho. Phindu lenileni limene ndinapeza pa chipangizochi n'lakuti chimanena zoona: tsiku loyamba kuchitsegula chinandionetsa maola oposa anayi pamene ine ndinkati mwina ndi ola limodzi. Aliyense ayambe wayang'ana nambala imeneyo, koma asadalire wotchiyo kuti imulondera.

Pali njira ina imene olemba a m'mayiko a intaneti yotsika mtengo saitchula, pamene kwathu kuno ndiyo yapafupi, ndiyo kulamulira bandulo. Ambiri a ife intaneti timagula pang'onopang'ono, ndipo makampani a mafoni amagulitsa mabandulo a mtundu umodzi wa tsamba, monga a WhatsApp yokha. Munthu akagula yotereyo, TikTok ndi makanema a pa Facebook sizitseguka ngakhale atazifuna, ndipo chisankho chimene chikanamuvuta kakhumi pa tsiku wachipanga kamodzi, pogula. Makanema ndiwo amadya data kwambiri, choncho amene wawasiya amaona kusintha m'thumba mwezi womwewo, ndipo ndalama yotsalayo imaoneka, imagula sopo kapena makope a mwana. Msampha uli pa mabandulo akuluakulu ooneka otsika mtengo, makamaka a usiku, chifukwa munthu amadziuza kuti asataye zimene walipira ndipo amachezera kuonera zinthu pofuna kumaliza bandulo isanathe nthawi yake, m'mawa n'kudzuka mutu uli zii. Kufooka kwina kwa njirayi n'kwakuti kugula kunaphweka: ndalama ikakhala mu foni, bandulo ina imagulidwa uli chigonere. Imathandiza kwambiri munthu amene ndalama ya intaneti amaipatula pa malipiro a mwezi n'kuisiya yomweyo, ndipo imathandiza pang'ono amene foni yake ndiyo chikwama chake.

Njira imene ndikufuna kukhalapo pang'ono ndiyo kudulira, chifukwa ndiyo imagwira WhatsApp imene sitingaitaye. Mlimi wa tiyi amadziwa kuti chitsamba chikasiyidwa chimatalika n'kusanduka mtengo, masamba anthete oyenera kuthyola n'kuchepa, ndiye nthawi yake ikakwana amachidula kuti chiphukenso pamalo pofikira dzanja. WhatsApp ya munthu wamkulu kuno imakhala itatalika chomwecho: gulu la banja la kuchikazi, la kuchimuna, la mpingo, la kwaya, la anzake a ku sekondale, la ukwati umene unachitika zaka ziwiri zapitazo, la maliro amene anthu anaika kalekale, ndipo m'magulu onsewa mumayenda moni wa m'mawa wa maluwa, makanema a ngozi, mphekesera za ndale ndi mankhwala ochiza matenda onse. Zida zodulira zilimo kale. Gulu likhoza kutsekedwa pakamwa kwa maola 8, sabata imodzi kapena mpaka kalekale, likhoza kuikidwa mu archive kuti lisamaonekere pamwamba, ndipo foni ikhoza kuletsedwa kukopera yokha zithunzi ndi makanema, zimene zimasunga data ndi malo. Pa Facebook munthu akhoza kusiya kuona zolemba za mnzake popanda kuthetsa ubwenzi, kapena kumupumitsa kwa masiku 30, mwiniwakeyo osauzidwa. Chofunika koposa ndi kuzimitsa timabelu tonse kupatula kulira kwa foni yoimbidwa, kuti munthu azipita ku uthenga pa nthawi imene wasankha yekha.

Chovuta pa kudulira ndi ubale. Kutuluka m'gulu la banja kwathu kuno kumamveka ngati mwano, ndipo madzulo ake azakhali amaimba kufunsa ngati wina wakulakwira. Kuchokera mu 2022 WhatsApp imauza oyang'anira gulu okha munthu akatuluka, ngakhale kuti wofufuza akhoza kuona dzina la wotulukayo kwa masiku 60, koma pamudzi zinthu sizibisika motero. Ndapeza kuti magulu a zochitika zimene zinatha ndi oyenera kutulukamo popanda mantha, magulu a achibale ndi a mpingo ndi oyenera kungowatseka pakamwa n'kumawayendera kamodzi pa tsiku, ndipo pamene kutuluka kuli kofunikadi ndi bwino kuyamba walankhula ndi wamkulu wa gululo mwaulemu, monga mmene munthu amatsanzikira pabwalo. Ndiyenera kuchenjezanso za Status, zithunzi zija zimene zimatha pakapita maola 24, chifukwa ndi khomo limene chitsime chosaphwa chija chimalowera mu WhatsApp. Munthu amene wachotsa TikTok n'kuyamba kuonera Status ya aliyense wa m'foni mwake wangosintha malo okhalira. Kudulira sikufuna ndalama ndipo sikudula mthenga, koma tchire limameranso, moti pakapita miyezi ingapo magulu atsopano amakhala atalowa ndipo ntchitoyo iyenera kubwerezedwa.

Otsala ndi malamulo a nthawi ndi malo: foni isafike pa mphasa yodyera, isalowe kuchipinda chogona, isatsegulidwe m'tchalitchi, kapena ipume tsiku lathunthu pa sabata. Anzathu a Seventh-day Adventist, amene ndi ambiri m'dera la Makwasa kumene kuli mishoni ya Malamulo, ali nawo kale mwambo wopatula nthawi kuyambira dzuwa likalowa Lachisanu kufikira likalowa Loweruka, ndipo amene amaika foni pambali m'maola amenewo savutika kufotokozera anthu chifukwa chake. Malamulo otere amalimba akakhala a nyumba yonse, chifukwa bambo amene amaletsa mwana foni pa nthawi ya nsima iye akuwerenga mameseji saphula kanthu. Amafunanso choika m'malo mwake. Ola limene lamasulidwa likasiyidwa lopanda kanthu limabwerera kumene linachokera, koma likapatsidwa bawo, kwaya, dimba, buku kapena ulendo wa Loweruka wokwera ku Likhubula kukafika pa Dziwe la Nkhalamba, limakhazikika. Lamulo la kuchipinda limagwa msanga kwa amene foni ndiyo wotchi yowadzutsa ndi tochi yawo, choncho kugula katochi kotsika mtengo ndi mbali ya lamulolo.

Poyerekeza zonsezi, ndimayang'ana kaye ntchito ya munthu. Wophunzira wa Fomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE sindimuuza za mawotchi kapena kudulira, ndimamuuza kuti apereke foni yamakono kwa makolo mpaka mayeso atatha n'kutsala ndi ya mabatani, chifukwa miyezi imeneyo siidzabweranso ndipo zimene angaphonye pa masambawo n'zochepa poyerekeza ndi zimene angataye. Wogulitsa pa msika wa Limbuli kapena wa Bvumbwe amene makasitomala ake amamupeza pa WhatsApp amuyenera kwambiri bandulo ya WhatsApp yokha pamodzi ndi kudulira magulu. Wa kabaza amafuna foni yolira momveka ndi batire lokhalitsa, ndipo ya mabatani imamukwanira masana onse. Wa muofesi amene amakhala pa intaneti yaulere tsiku lonse njira ya bandulo siimugwira konse, iye chimene chingamuthandize ndi kuchotsa mapulogalamu a Facebook ndi TikTok mu foni n'kumalowa pa Facebook kudzera pa pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti monga Chrome kapena Opera Mini, akamaliza n'kutulukamo, kuti ulendo uliwonse uzifuna kulemba nambala yachinsinsi. Kavuto kakang'ono kameneko kamabweza munthu kambiri kuposa wotchi. Amene amapezera ndalama pa masamba omwewo, monga oimba ndi otsatsa malonda, sangasiye, koma akhoza kuika ola lolembera ndi ola loyankhira makasitomala, monga mmene wogulitsa amatsegulira ndi kutsekera golosale.

Ine ndinathera pa kuphatikiza. TikTok ndinaifufuta, Facebook ndimalowa Loweruka masana kudzera pa Chrome, magulu a WhatsApp anatsala asanu onse otsekedwa pakamwa, ndipo ndimawawerenga ndikaweruka ndi pambuyo pa chakudya chamadzulo. Chimene ndinachedwa kuchita, ndipo ndikulangiza wina aliyense kuyamba nacho asanasinthe kalikonse, ndi kuuza anthu. Ndinaimbira achimwene anga aakulu, amayi a mlaga wathu ndi mphunzitsi wamkulu, n'kuwapempha kuti nkhani ya matenda, ya maliro kapena ya kusintha kwa ndondomeko aziniimbira, ndipo ngati alibe mayunitsi azingofulasha kawiri, ine ndiziimba. Mwezi wathawu foni inalira kawiri mbandakucha n'kuduka, ndinaimba pomwepo, ndipo ndinafika kumudzi kwa malume dzuwa lisanakwere, anthu asanayambe n'komwe kulemba m'gulu la banja.